Mmene mungadyere bwino pa lesitilanti yaing'ono ya zakudya za ku India ndi Bangladesh

Mlimi wa ku Mulanje kapena ku Thyolo amene amabzala nandolo m'mizere ya chimanga, n'kumudikira mpaka aume, kawirikawiri sadziwa mmene nandoloyo amakomera akafika m'mapoto a anthu amene amamugula. Mavenda amamuyeza pa sikelo ku Chonde, ku Limbuli kapena ku Luchenza, matumba amakwezedwa m'galimoto kupita ku Limbe, ndipo ambiri mwa matumbawo amawoloka nyanja kupita ku India, dziko limene mu 2021 linagwirizana ndi Malawi kuti lizigula matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Kumeneko amamuchotsa makoko n'kumugawa pakati, monga amachitira amayi athu pokonza chipere, kenako amamuphika mpaka aphwanyike n'kumuthira mafuta otentha okazingiramo adyo, tsabola ndi njere zonunkhira. Ndiwo zimenezi amazitcha dal. Ndayambira pa nandolo chifukwa anzanga ambiri amaopa kulowa m'malo odyera a Amwenye poganiza kuti akadyetsedwa zinthu zachilendo zimene mimba yawo siizidziwa, pamene zambiri zimene zimabwera patebulo ndi mbewu za m'minda yathu yomweyi, kungoti zaphikidwa mwa njira ina.

Kuno kwathu malo oterewa sapezeka chisawawa, ndipo ambiri a ife tidzawapeza tikapita ku Limbe kapena ku Blantyre. Chifukwa chake n'chakale ndithu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera akumidzi akakhale m'matauni akuluakulu, n'chifukwa chake m'malo athu ochitira malonda munatsala masitolo akale a makonde aakulu, koma eni ake pamodzi ndi maphikidwe awo anasamukira kutauni. Lesitilanti imene ndikunena pano si ya m'hotela yaikulu ayi. Ndi ija ya matebulo ochepa, yobisika kuseri kwa masitolo kapena m'nyumba imene poyamba munkakhala banja, kumene mwini wake amakhala pa kauntala yekha ndipo operekera zakudya ndi anyamata ndi atsikana a konkuno. Malo ang'onoang'onowa ndimawakonda chifukwa wophika amatha kumva pempho lanu n'kusintha kaphikidwe ka mbale yanu, zimene sizichitika kumene amaphikira khamu la anthu nthawi imodzi.

Musananyamuke, kaya mudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo kudutsa pa Bvumbwe, imbani foni kuti mudziwe nthawi imene amatsegula. Malo ambiri otere amatseka masana chakudya cha nkhomaliro chikatha, n'kudzatsegulanso madzulo, ndipo ngati eni ake ndi Asilamu, Lachisanu masana angakhale atapita ku mzikiti. M'mwezi wa Ramadan nthawi zimasinthanso. Kwa ife oyenda pa minibasi, nkhomaliro ndiyo yabwino kuposa mgonero, pakuti chakudya chimenechi sichifuna changu, ndipo simungachimve kukoma mtima uli ku depoti kuopa kuti galimoto za ku Muloza zikutherani. Pa foni pomwepo funsani ngati amalandira Airtel Money kapena TNM Mpamba, komabe tengani ndalama zina m'thumba chifukwa netiweki imavuta nthawi zina.

Ndi bwino kudziwa pang'ono za eni malowo, chifukwa zimenezi ndi zimene zimalamulira zopezeka pa menyu. Ife tinazolowera kutchula aliyense wochokera kumeneko kuti Mmwenye, koma India ndi Bangladesh ndi mayiko awiri osiyana. Bangladesh, imene likulu lake ndi Dhaka, inadzilamulira mu 1971 itapatukana ndi Pakistan pa nkhondo imene inapha anthu ambiri, ndipo anthu ake amalankhula Chibengali komanso amanyadira kwambiri dzina la dziko lawo. Choncho mukamacheza ndi mwini malo, mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, kwanu n'kuti?" m'malo mongomuganizira. Ambiri a ku Bangladesh ndi Asilamu, ndiye nyama yawo imakhala ya halaal, nkhumba simungaipeze, ndipo mowa mwina sagulitsa kapena kulola kuti mubwere nawo. Ngati eni ake ndi Ahindu, nthawi zambiri simupeza nyama ya ng'ombe, ndipo mabanja ena, makamaka ochokera ku Gujarat kumene kunachokera makolo a Amwenye ambiri a m'dziko muno, sadya nyama ya mtundu uliwonse. Musaitanitse chimene sichili pa menyu ngati chikukhudza chipembedzo chawo, monga mmene inunso simungakondwere mlendo atakuumirizani kuphika chimene kwanu mumasala.

Tsopano nayi mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse: musaitanitse chakudya aliyense payekhapayekha, koma itanitsani cha tebulo lonse. Ulendo wanga woyamba tinali anthu anayi ochokera ku Chitakale, ndipo aliyense anatenga menyu yake n'kusankha mbale yakeyake monga timachitira pogula tchipisi ndi nkhuku. Atatu mwa ife tinasankha nkhuku chifukwa ndi mawu okhawo amene tinawazindikira, awiri mwa atatuwo anaitanitsa biryani n'kuwonjezanso mpunga woyera posadziwa kuti biryaniyo ndi mpunga kale, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizira za masamba. Tinalipira ndalama zambiri, chakudya chinatsala, ndipo tinabwerera kwathu titalawa kukoma kwa mtundu umodzi wokha. Zinandipweteka chifukwa tinasunga ndalamazo kwa nthawi yaitali kuti tikasangalale. Chakudya chimenechi anachikonza kuti chizidyedwa monga timadyera kunyumba, nsima pakati ndipo ndiwo zingapo kuzungulira, aliyense n'kumatapa pang'ono apa, pang'ono apo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa nsima mumakhala mpunga kapena buledi wopyapyala, ndipo ndiwo zimabwera m'timbale tachitsulo tooneka tating'ono koma takuya, timene kamodzi kamakwanira anthu awiri ngati pali zina zodyera limodzi.

Woperekera zakudya ndiye mlangizi wanu, ndipo popeza kawirikawiri amakhala Mmalawi mnzanu, lankhulani naye m'Chichewa mosachita manyazi. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa menyu ya mapeji asanu yodzaza mayina achilendo mwambiwu umagwira ntchito kwenikweni. Mungayambe motere: "Achimwene, ife n'koyamba kudya kuno, tilipo anayi ndipo amayiwa sadya tsabola wambiri, mungatithandize kusankha ndiwo zitatu zosiyana?" Muuzeninso ndalama zimene mwakonzeka kuwononga, pakuti iye amadziwa kukula kwa mbale iliyonse ndipo angakuletseni kuitanitsa zochuluka. Pa nkhani ya tsabola nenani momveka, ndipo perekani chitsanzo chimene nonse mukuchidziwa. Kunena kuti "pang'ono" sikokwanira, chifukwa pang'ono pa wophika wa ku Dhaka si pang'ono pa agogo a kwa Mabuka. Ndi bwino kunena kuti mumatha kudya kambuzi mmodzi pa mbale ya ndiwo, kapena kuti ngakhale kadontho ka Nali simukapirira. Ine ndimalangiza kuti ndiwo zonse ziphikidwe ndi tsabola wochepa, ndipo tsabola wodula abwere m'kambale kapadera kuti wofuna aziwonjezera yekha, pakuti tsabola akalowa mumsuzi palibe njira yomuchotsera.

Menyu imaoneka yoopsa, koma mayina ambiri ali ndi mawu awiri okha: loyamba limanena chimene chaphikidwa, linalo limanena kaphikidwe kake. Mawu a mbali yoyamba ndi osavuta kuwaloweza. Murgh kapena murgi ndi nkhuku, gosht ndi nyama, ndipo mukaona mutton dziwani kuti nthawi zambiri akutanthauza mbuzi osati nkhosa. Aloo ndi mbatatesi, bhindi ndi therere lobala, baingan kapena begun ndi mabiringanya, chana ndi nchana zomwe zija zimalimidwa kuno kummwera, gobi ndi kolifulawa, pamene saag ndi palak ndi masamba obiriwira monga mpiru kapena sipinachi. Paneer ndi mkaka woundana woduladula m'timabwalo, wosasungunuka ukaphikidwa, ndipo umalowa m'malo mwa nyama kwa anthu osadya nyama. Okonda therere adzadabwa poona kuti bhindi salendera, chifukwa amalikazinga louma ndi anyezi popanda soda kapena chidulo.

Mbali yachiwiri ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi imene imakuuzani ngati ndiwozo zidzakhala zotsekemera, zowawasa, zouma kapena zoyaka moto. Korma ndi msuzi woyera wofatsa, wopangidwa ndi yogati kapena mafuta a mkaka pamodzi ndi mtedza wopera, ndipo munthu wozolowera ndiwo zotendera adzaumva ngati wachibale. Butter chicken, imene inatchuka kuchokera mumzinda wa Delhi, ndi nkhuku yowotcha yomizidwa mumsuzi wa tomato ndi batala, ndipo pamodzi ndi tikka masala ndi zimene ana ndi alendo oyamba amazilandira mosavuta. Komabe ndisabise maganizo anga: mukaitanitsa korma ndi butter chicken tsiku limodzi, mwagula chinthu chimodzi kawiri, zonse zamafuta ndi zotsekemera, ndipo mudzakhuta msanga musanamve chimene wophikayo amatha. Bhuna ndi nyama yokazingidwa pang'onopang'ono ndi anyezi ndi zokometsera mpaka msuzi utauma n'kumatirira pa nyamayo, ndipo kwa ine ndi pamene luso la wophika limaonekera. Dopiaza imakhala ndi anyezi wambiri wothiridwa maulendo awiri. Rogan josh ndi nyama ya nkhosa kapena mbuzi yophikidwa monga amaphikira kudera la Kashmir, yofiira kwambiri koma yosawawa monga maonekedwe ake angakuopsezereni. Jalfrezi amaikazinga mwachangu ndi tsabola wobiriwira, tomato ndi anyezi, ndipo imaluma ndithu. Dhansak ndi nyama yophikidwa pamodzi ndi dal, yowawasa pang'ono komanso yotsekemera pang'ono. Madras imawawa, ndipo vindaloo imawawa kuposa pamenepo. Vindaloo inachokera ku Goa, dera la India limene Apwitikizi analilamulira mpaka 1961, Apwitikizi omwewo amene ankalamulira Mozambique, kutsidya kwa Muloza, mpaka 1975, ndipo dzina lake linachokera ku mawu awo otanthauza vinyo ndi adyo. Imakhalanso ndi viniga wambiri. Siyani vindaloo kufikira ulendo wachitatu kapena wachinayi, pamene mwadziwa dzanja la wophika wa pamalopo.

Ngati eni malo ndi a ku Bangladesh, musachoke musanafunse za chakudya cha kwawo kwenikweni, chifukwa nthawi zambiri menyu imadzaza ndi ndiwo zotchuka za kumpoto kwa India zimene makasitomala amazidziwa, pamene zimene banjalo limadya kuseri sizilembedwa. Bangladesh ndi dziko la mitsinje ikuluikulu, ndipo anthu ake amadzitcha okha anthu a nsomba ndi mpunga. Nsomba yawo yonyadira ndi ilish, yonona koma yodzaza ndi minga ting'onoting'ono. Kuno n'kovuta kuipeza, ndiye wophika angagwiritse ntchito chambo kapena nsomba ina ya m'nyanja yathu, n'kuiphika mumsuzi wopepuka wa chikasu, tsabola ndi tomato. Funsaninso za bhorta, zimene ndi mbatatesi, mabiringanya owotcha kapena nsomba youma zosinja pamodzi ndi anyezi wamuwisi, tsabola ndi mafuta a njere za mpiru. Mafutawa ali ndi fungo lolowa m'mphuno limene poyamba limadabwitsa, koma ndi limene limasiyanitsa chakudya cha Chibengali ndi china chilichonse, ndipo munthu amene anakulira pa futali ndi usipa wosinja sangachedwe kulizolowera. Ali ndinso chizolowezi chokazinga njere za mitundu isanu pamodzi, zimene amazitcha panch phoron, asanathire masamba kapena dal. Anthu a ku Sylhet, kumpoto chakummawa kwa dzikolo, amaphika nyama ya ng'ombe ndi chipatso chonga ndimu chotchedwa shatkora, chimene chimapatsa msuzi kuwawasa ndi kakuwawa kapadera. Mukafunsa zinthu zimenezi, nkhope ya mwini malo imasintha, chifukwa waona kuti mwabwera kudzalawa za kwawo, ndipo ngakhale atakhala kuti alibe tsiku limenelo, angakuuzeni kuti mudzaimbe foni dzulo lake kuti adzakukonzereni.

Chodyera ndiwo mungasankhe buledi, mpunga kapena zonse ziwiri. Naan ndi buledi wofewa wa ufa woyera wa tirigu amene amamumata m'kati mwa tandoor, uvuni wadothi wooneka ngati mtsuko waukulu umene umatentha kupitirira madigiri 400, moti amapsa m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Amakoma akadali wotentha ndipo akazizira amalimba, choncho musaitanitse onse nthawi imodzi. Yambani ndi awiri, ena mudzawonjezere mukuona mmene kudya kukuyendera. Roti ndi chapati amapangidwa ndi ufa wosapuntha wa tirigu, alibe mafuta ambiri ngati chapati amene timagula m'misika, ndipo ndi otsika mtengo komanso opepuka m'mimba. Paratha ndi wamafuta, wopindidwa m'magawomagawo. Mpunga umene amakonda ndi basmati, wautali ndi woyoyoka, wosagwirana ngati kilombero wathu ngakhale kuti onse awiri ndi onunkhira. Biryani ndi nkhani ina: ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama ndi zokometsera mumphika wotsekedwa bwino, ndipo ndi chakudya chokwanira pachokha chimene sichifuna mpunga wina kapena msuzi wambiri. Ku Dhaka amanyadira kacchi biryani, imene nyama ya mbuzi imalowa yaiwisi pansi pa mpunga pamodzi ndi mbatatesi, zonse n'kupsera limodzi. Ngati muli nokha ndipo ndalama n'zochepa, biryani imodzi ndiyo njira yabwino, kapena funsani ngati ali ndi thali, mbale yaikulu yokhala ndi timbale ta ndiwo zosiyanasiyana pang'onopang'ono, mpunga ndi roti, pa mtengo umodzi.

Kwa anthu anayi, ine ndimaitanitsa motere. Ndiwo za nyama ziwiri zosiyana khalidwe, monga bhuna ya mbuzi ndi butter chicken, kapena nsomba m'malo mwa imodzi mwa izo, dal mbale imodzi, imene sindiisiya chifukwa ndi yotsika mtengo, imafewetsa mpunga komanso ndi imene imandiuza ngati khitchini ya pamalopo ndi yosamala, ndiwo zamasamba mbale imodzi, kaya bhindi, aloo gobi kapena saag, mpunga woyera mbale ziwiri, naan awiri, ndi raita, amene ndi yogati yosakaniza ndi nkhaka ndi timbewu tonunkhira. Zimenezi zimakhutitsa anthu anayi akuluakulu, ndipo mwina zina zimatsala.

Mukaitanitsa, konzekani kudikira. Pa malo aang'ono ndiwo zambiri amazimalizitsa pamoto mukaitanitsa, ndipo theka la ola kapena kupitirira si chinthu chachilendo. Pa nthawiyi angakubweretsereni papadum, kachinthu kopyapyala kokhukhuta kopangidwa ndi ufa wa nyemba zazing'ono, pamodzi ndi timbale ta zotowa: wina wa bwemba wotsekemera, wina wobiriwira wa masamba onunkhira, anyezi wodula, ndi mango osungidwa m'mafuta, mchere ndi tsabola. Funsani ngati zimenezi n'zaulere kapena zilowa pa bilu. Samusa timazidziwa kale, ngakhale kuti zawo zambiri zimakhala ndi mbatatesi ndi nsawawa m'kati, ndipo pakora kapena piyaju ndi anyezi ndi masamba zokazingidwa mu ufa wa nchana kapena wa dal. Mbale imodzi ya zoyambirazi ikukwanira tebulo lonse.

Chakudya chikafika, sambani m'manja monga mwa nthawi zonse, ndipo musachite manyazi kudya ndi dzanja, pakuti eni chakudyachi amadyanso ndi dzanja lamanja monga ife. Foloko ndi supuni zimakhalapo kwa wozifuna. Ikani mpunga pang'ono m'mbale yanu, ndipo tapani ndiwo ndi supuni imene yabwera ndi kambale kalikonse n'kuziika m'mbali mwa mpungawo, mtundu uliwonse pamalo pake. Musathire zonse pamwamba pa mpunga n'kusakaniza, chifukwa mukatero kukoma kumene wophika anakusiyanitsa mosamala kumasanduka chinthu chimodzi. Nyemani kachidutswa ka naan, kapindeni pang'ono monga mumabowolera mbamu ya nsima, n'kutapira msuzi. Buledi amene mwaluma kale asabwererenso m'kambale ka onse. Anthu a ku Bengal, dera la anthu olankhula Chibengali, amakonda kuyamba ndi masamba ndi dal, kenako nsomba, n'kumalizira nyama, ndipo ndinaona kuti dongosolo limeneli limathandiza chifukwa lilime limayamba ndi zofatsa lisanakumane ndi zamphamvu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimakhumudwitsa alendo ambiri ngati sanachenjezedwe. Mu biryani ndi m'ndiwo zina mumapezeka zokometsera zathunthu zosapera: timakoko tobiriwira ta cardamom, timitengo ta sinamoni, tinthu takuda tonga misomali ing'onoing'ono, ndi masamba ouma. Zimenezi si zinyalala zogwera mwangozi ndipo si zoti muzitafuna. Ntchito yake inatha pamene zinapereka fungo mumphika. Zikankhireni m'mphepete mwa mbale monga mumachitira ndi minga ya nsomba. Ndinaonapo mayi wina wachikulire atasiya mbale yonse chifukwa analuma cardamom n'kuganiza kuti m'chakudyamo mwagwera mankhwala, ndipo zinandimvetsa chisoni pakuti mawu ochepa chabe akanamuthandiza. Samalaninso ndi zovala zoyera, chifukwa chikasu chikadontha pa malaya chimavuta kuchapa.

Tsabola akakupsetsani m'kamwa, madzi sathandiza kwenikweni, ngakhale ozizira bwanji, chifukwa chimene chimawawa mu tsabola sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta. Zothandiza ndi za mkaka. Tengani supuni ya raita, kapena imwani lassi, chakumwa chonga chambiko chosukuluza chimene amachikonza chotsekemera, chamchere kapena cha mango. Mpunga woyera wopanda msuzi umathandizanso. Zakumwa za gasi zimangodzaza mimba, ndipo kwa ena zimawonjezera kuyaka.

Za thanzi zinenedwe poitanitsa, osati chakudya chitafika. Ngati wina thupi lake limadana ndi mtedza, nenani momveka bwino, chifukwa mtedza wa cashew ndi almond amaupera n'kuuthira mumsuzi wa korma ndi ndiwo zina zoyera moti sungaoneke ndi maso. Amene mkaka umawatsegula m'mimba adziwe kuti batala, yogati ndi paneer zili m'ndiwo zambiri za kumpoto kwa India, pamene za Chibengali za nsomba ndi masamba nthawi zambiri zilibe. Odwala matenda a shuga asankhe roti m'malo mwa naan, achepetse mpunga ndipo apewe lassi wotsekemera. A kuthamanga kwa magazi apemphe mchere wochepa ndi kusiya papadum ndi mango osungidwa aja, ndipo a zilonda za m'mimba akhale pa dal, mpunga ndi nkhuku yowotcha mu tandoor yopanda msuzi. Mukapita ndi makolo amene sakhulupirira kuti adya ngati sanaone nsima, auzeni musananyamuke kunyumba kuti kumeneko kulibe, kuti akonzekere mumtima; ine ndinawauza amayi anga kuti, "Amayi, lero tidya mpunga wa chipere ndi mbuzi, nsima tikaipeza madzulo," ndipo anadya mokondwa, makamaka dal, imene anaizindikira asanauzidwe kuti ndi nandolo.

Pomaliza pamabwera zotsekemera ndi tiyi. Zotsekemera zawo ndi za shuga wambiri ndithu, moti kambale kamodzi kakukwanira anthu awiri: gulab jamun ndi timipira ta mkaka tokazinga toviikidwa m'madzi a shuga, kheer ndi phala la mpunga ndi mkaka, ndipo a ku Bengal amatchuka ndi roshogolla komanso mishti doi, yogati yotsekemera youndana m'kambiya kadothi. Koma munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo asachoke asanamwe tiyi wawo. Ife takulira pakati pa minda ya tiyi kuyambira pamene Mzungu wina dzina lake Henry Brown anaubzala pa esiteti ya Thornwood ku Mulanje mu 1891, ndipo ambiri tili ndi abale amene anathyolapo tiyi, komabe timangodziwa kuumwa mwa njira imodzi. Sylhet nakonso ndi dera la zitunda zobiriwira ndi minda ya tiyi, moyandikana ndi Assam ku India, ndipo anthu a ku Sylhet ndi amene amayendetsa malesitilanti ambiri otchedwa a Amwenye ku London ndi m'mizinda ina ya ku Britain. Masala chai amauwiritsa masamba pamodzi ndi mkaka, shuga, jinja, cardamom ndi sinamoni mumphika umodzi mpaka ukhale wokhathamira, ndipo tiyi wamphamvu ngati wa kwathu kuno ndi amene amayenera kaphikidwe kameneka. Ngati simufuna shuga wambiri nenani msanga, chifukwa amathira pamoto pomwepo. Pa kauntala kapena pamodzi ndi bilu mungaone kambale ka njere zazing'ono zobiriwira, zina zokutidwa ndi shuga wamitundumitundu. Tapani pang'ono n'kutafuna, zimachotsa fungo la adyo m'kamwa.

Bilu ikabwera, iwerengeni mzere ndi mzere modekha, poyerekeza ndi zimene zinafika patebulo, ndipo ndi bwino kufunsa poyambirira ngati mitengo ya pa menyu ikuphatikiza kale msonkho, kuti chiwerengero chomaliza chisakudzidzimutseni. Ngati pali cholakwika, itanani amene amakuperekerani n'kumuonetsa mwakachetechete. Pa malo aang'ono zolakwika zambiri zimachokera pa kulemba pamanja ndipo amazikonza nthawi yomweyo. Mnyamata kapena mtsikana amene wakuthandizani kusankha, kukuchenjezani za tsabola ndi kuthamangira naan wotentha, mpatseni kangachepe m'manja mwake n'kumuthokoza kuti, "Zikomo achemwali, mwatisamala bwino," pakuti malipiro a ntchito imeneyi ndi ochepa. Zotsala musazisiye, pemphani kuti akulongedzereni, ndiwo padera ndi mpunga padera, ndipo onetsetsani kuti zivundikiro zatsekedwa bwino n'kuzimanga m'jumbo, chifukwa msuzi wa chikasu ukatayikira mu minibasi uwononga katundu wa anzanu. Mukafika kunyumba, mpunga udyeni tsiku lomwelo mutautenthetsa mpaka utuluke nthunzi, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene umawonongeka msanga. Dal ndi bhuna, zikasungidwa pozizira, mungazidye mawa lake ndi nsima ya mgaiwa, ndipo zimagwirizana nayo bwino kwambiri.